Za a Stambuli, Osakhudza

Ulemu ndi wabwino, koma ulipo wina wotopetsa, ndipo Vera unali utamufika pakhosi.

Mu ofesi yawo, kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya penti kufupi ndi msika wa Zomba, munali anthu awiri okha: iye ndi Blaise, mkulu wake pa ntchito. Ankasamalira makina ochenjeza za moto a gulu la alimi a paini amene anapatsidwa chigawo china cha nkhalango pamwamba pa phiri. Makinawo sanali odabwitsa. Pamlongoti wachitsulo kumtundako panali kabokosi, m'kabokosimo kakompyuta koyendera sola, m'kakompyutamo mapulogalamu atatu. Ina inkamvetsera tizipangizo tonunkhiza utsi tomwe anamangirira m'mitengo, ina inkasunga mbiri ya zochitika, ina inkatumiza meseji ku mafoni a alimi. Atatuwa sankalankhulana okha. Pakati pawo panali kapulogalamu kotchedwa Mthenga, kamene kankalandira mawu kwa uyu, kuwaika pamzere, n'kuwapereka kwa uyo. Mthenga akagona, utsi ukanatha kutsamwitsa anyani onse a m'phirimo popanda foni ya munthu kulira.

Mthengayo anamulemba ndi a Stambuli, akadali mphunzitsi ku Chirunga, asanapume ntchito n'kubwerera kwawo ku Songani. Analemba mwaluso, Vera sankatsutsa. Koma analemba nthawi imene tizipangizo tinali tochepa, ndipo anasiyamo msampha. Munali maloko awiri oletsa kuti mapulogalamu asalembe pamzere nthawi imodzi. Wobweretsa uthenga ankagwira loko woyamba kenako wachiwiri. Wotenga uthenga ankayamba ndi wachiwiri kenako woyamba. Tsiku labata sankakumana. Koma uthenga ukachuluka, monga umachitira moto ukabuka, uyu ankagwira loko wake, uyo wake, aliyense n'kumadikira mnzake, ngati anthu awiri aulemu pakhomo la tchalitchi: yambani ndinu, ayi yambani inu. Zikatero Mthenga ankangouma gwa.

Chimene chinkamuwawa Vera n'chakuti sanali woyamba kuona msamphawo. Aliyense amene anadutsa mu ofesiyo anauona, ndipo palibe amene anauchotsa. Wina anaumangira kampanda koti uthenga ukakanika uziyesanso. Wina anaikapo kapulogalamu kaulonda kofunsa Mthenga ngati ali moyo, osaganiza kuti munthu woima pakhomo la tchalitchi uja ali moyo ndithu, kungoti sakulowa. Chigamba pamwamba pa chigamba, mpaka osadziwanso kuti malaya enieni anali a mtundu wanji. Ndipo pamwamba penipeni pa mizere ya malokoyo wina analembapo chenjezo: Za a Stambuli, osakhudza.

Vera anakhudza, koma pa laputopu yake yokha. Nyengo yozizira yonse anaithera pamenepo, atadzikulunga chitenje m'miyendo, akusomphola zigambazo chimodzichimodzi. Maloko awiri anawasandutsa mmodzi. Atamaliza anathira mauthenga abodza miyandamiyanda pa Mthenga wakale ndi watsopano. Wakale anauma asanapite patali. Watsopano anameza zonse osatsamwa.

Sankachita zimenezi pofuna kutchuka. Bambo ake, a Yesaya, anali m'gulu la alimilo. Moto wa zaka zapitazo utawapsereza munda wonse, anakwera phiri dzinja lonse atasenza timachubu ta mbande, nadzalanso mtengo uliwonse ndi manja awo. Tsopano mitengoyo inali itawapitirira msinkhu, koma mawondo awo anali atatha. Anamuuza mwana wawoyo poyera kuti mitengo imeneyi ndi yomaliza, ikapsa sadzakweranso ndi khasu. Ndiye Vera akamayang'ana maloko awiri aja sankaona mizere ya pulogalamu, ankaona munda wa bambo ake.

“A Blaise, taonani nokha,” anatero tsiku lina, atatembenuza laputopu. “Wakaleyu wajama. Watsopanoyu akuyenda. Tiyike lero.”

Blaise anayang'anitsitsa, nagwedeza mutu movomera, Vera n'kuyamba kupuma bwino. Kenako anakanda chibwano.

“Ntchito yabwino, achemwali. Koma nanga mdala Stambuli?”

“Mdala watani?”

“Iii, Vera. Munthu anandiphunzitsa kugwira kiyibodi ameneyo. Tingangodzuka n'kudilita ntchito yake ngati wamwalira? Akadzamva kwa anthu? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.”

“Moto wake uti? Wa ku phiri kuja sazimitsa ali ku Songani.”

“Ndiwauza kaye. Zinthu zimafuna njira yake.”

Njira yakeyo ndiyo inamupweteka mutu Vera. Kuwaimbira foni a Stambuli, Blaise anati n'chipongwe, nkhani yotere siyokamba pa foni. Kupita yekha, anati angaoneke ngati wapita kukawaweruza. Ndiye anatuma Abdulrazak, mwana wa mlongo wawo wa a Stambuli, wogulitsa machaja ndi zikopa za mafoni pa depoti, amene ankapita ku Songani Lachisanu kukaswali ndi amalume akewo. Tangoganizani, nkhani ya maloko awiri ogwirana m'kati mwa kompyuta kuipachika pa munthu amene ntchito yake n'kukuwa kuti chaja cha orijino pano. Lachisanu loyamba Abdulrazak anaiwala. Lachisanu lachiwiri kunali maliro. Lachisanu lachitatu anabwera nalo yankho, Blaise n'kulifikitsa mu ofesi ndi nkhope ya munthu wochokera kwa dokotala.

“Mdala wathokoza kwambiri. Akuti tizisamalire bwino.”

“Ndiye kuti avomera?”

“Vera, munthu wamkulu akati samalirani, wakana mwaulemu. Tisawakakamize.”

Vera anatuluka, natsika masitepe, nakaima pakhomo pa sitolo ya penti mpaka mtima utatsika. Anakwiya ndi Blaise, anakwiya ndi Abdulrazak, anakwiya ndi nkhalamba imene anali asanaionepo. Koma tinene zoona, nayenso sanali woyera. Makiyi olowera m'kakompyuta ka kuphiri anali nawo. Akanatha kuika Mthenga watsopano ali pampando wake, tiyi asanazizire. Kangapo konse analemba lamulo louza kompyuta kuchita zimenezo, chala chili pa batani, n'kulifufutanso. Anakulira m'nyumba imene mwana sadutsa kutsogolo kwa akulu osawerama, ndipo digiri ya ku Chirunga sinachotse zimenezo. Ankadzitukwana yekha kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, komabe batanilo osalidina.

Okutobala anafika ndi ukali wake. Majakaranda anachita maluwa m'misewu ya tauni, udzu wa m'phiri unauma kuti gwaa, ndipo anyamata osaka mbewa anayamba kuyatsa tchire m'munsi. Mpweya unadzaza chifunga cha utsi moti phiri linkaoneka mwa apo ndi apo. Loweruka lina masana Vera anati zokwana, nanyamula laputopu, nakwera minibasi ya ku Liwonde osamuuza Blaise.

A Stambuli anawapeza pakhonde la kuseri kwa nyumba, kumene kunali mthunzi, atavala mkanjo ndi kofia, akusenda nandolo m'lichero. Anali munthu wochepa thupi, wa maso akuthwa. Anamupatsa mpando, namufunsa za kwawo, za makolo, za ulendo, za mtengo wa minibasi masiku ano. Anabweretsa thobwa. Ndipo Vera, yemwe uja ankakalipira Blaise chifukwa chozungulira, anazungulira naye. Anayamikira nandolo. Anayamikira Mthenga, kuti ndi pulogalamu yolimba, kuti iwo achinyamata amaphunzirapo zambiri. Anadzimva yekha akulankhula, nanyansidwa.

“Mayi, simunakwere minibasi dzuwa lonseli kudzayamikira nandolo,” anatero a Stambuli. “Tsegulani chimene mwanyamulacho.”

Anatsegula. Nkhalambayo inapukuta manja, inavala magalasi, niyamba kutsitsa mizere. Itafika pa chenjezo lija inaima.

“Analemba ichi ndani?”

“Sitikudziwa, bambo. Tinachipeza.”

“Osakhudza? Kodi ndi manda?” Anatsitsanso, nkhope ikusintha. “Maloko awa akadalipo? Mpaka lero? Nanga zinyalala zonsezi mwaunjika pamwambazi n'zachiyani?”

“Ankaopa kuchotsa zanu.”

“Zanga! Ine ndinamuuza Blaise tsiku londitsanzika, pamaso pa anthu, kuti maloko aja ndinangogwirizira, ndi ntchito yothamanga, adzawachotse tizipangizo tikachuluka. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati aaa bwana, musadzichepetse choncho, ntchito yanu ilibe banga. Anthu n'kuwomba m'manja. Ine ndimanena zoona, iwo ankati ndi ulemu wa munthu wamkulu!”

Vera anakumbukira yankho lija. “Nanga uthenga wa Abdulrazak? Anati mwati tizisamalire bwino.”

“Abdul anabwera kuno n'kuti ana anu a ku tauni akupereka moni, makina akuyenda bwino, akungofuna kusesasesa. Ine ndinati asese, achite chimene akuona kuti n'chabwino. Za maloko sanatchule n'komwe. Mwina anaona kuti amalume angakhumudwe.” Anavula magalasi, naseka kuseka kopanda chimwemwe. “Kandimverere anakanena za m'maluwa. Inu anthu mumakonza makina otumiza uthenga, koma wanu womwe mukulephera kuufikitsa pa Songani pompa.”

M'mutu mwa Vera munabwera mawu osayenera pakhonde la munthu wamkulu. Nyengo yozizira yonse, ma Lachisanu onse aja, kusowa tulo konse kuja, chifukwa cha chilolezo chimene chinaperekedwa kalekale pa phwando, anthu akudya samusa.

A Stambuli anawerenga Mthenga watsopano mpaka kumapeto. Anafunsa mafunso awiri atatu, ovuta, Vera nawayankha. Anapezamo dzina limodzi limene sanalikonde, nati alisinthe akapeza nthawi.

“Zili bwino kuposa zanga. Kaikeni Lolemba. Ayi, kaikeni lero. Ndipo chenjezolo muyambe ndi lomwelo kufufuta.”

Ananyamuka kuti amuperekeze kumsewu. Atangozungulira ngodya ya nyumba, kumene phiri limaonekera, a Stambuli anaima. Umene unali pamwamba pa phiri sunali utsi wa osaka mbewa. Unali wakuda, wokhuthala, wotambalala mbali yonse ya kumtunda, ndipo m'munsi mwake munkaoneka mzere wofiira ngakhale dzuwa linali likadalipo. Moto wofika pamenepo sunali wongoyamba kumene.

Vera anatulutsa foni. Inali chete. A Stambuli anapisa m'thumba la mkanjo, natulutsa yawo, pakuti nambala yawo inali ikadali pa gulu lolandira machenjezo. Nayonso inali chete.

Vera anakhala pansi pomwepo, pafumbi, laputopu pamiyendo, nailumikiza ku foni. Netiweki ya pa Songani inachita zake, kulowa n'kutuluka, iye akuiwiringulira ngati ingamve. Italola, analowa m'kakompyuta ka kuphiri, napeza zimene ankadziwa kuti apeza. Wobweretsa uthenga atagwira loko wake, wotenga uthenga atagwira wake, kumbuyo kwawo machenjezo ataunjikana pamzere. Kapulogalamu kaulonda kankalengeza mokondwa kuti Mthenga ali moyo. Ulendo uno chala chake sichinazengereze. Anapulumutsa mzerewo, anazimitsa Mthenga wakale, naika watsopano.

Mafoni awiri aja analira pamodzi, naliranso, naliranso, osaleka. Watsopanoyo ankagwira ntchito bwino kwambiri, ankapereka uthenga uliwonse umene unatsekeredwa, mwadongosolo, osataya ngakhale umodzi. Utsi mbali ya kum'mawa, fulumirani. Utsi mbali ya kum'mawa, fulumirani. A Stambuli anaiyang'ana foni yawo ikunjenjemera m'manja.

Pakati pa phokosolo panalowa kuimba kwenikweni. Vera ataona dzina anaimirira, fumbi lili m'siketi.

“Ababa, muli kuti? Anthu akwera? Ndikubwera pompano, ndikwera njinga yamoto.”

Kumbali inayo kunkamveka mphepo, ndi anthu akuitanizana patali. A Yesaya analankhula mofatsa, mwaulemu, monga amalankhulira ndi anthu a mu ofesi.

“Meseji yanu yafika, mayi. Zikomo. Ife tinakwera kale titaona utsi, koma tinapeza wadutsa.” Anakhosomola. “Usavutike kuthamanga, mwanangu. Kwathu kuja kwatha. Tangokhala pamwala pano, ndikudikira mawondo alole kuti nditsike.”