Kabokosi Konunkhiza Apolisi

Clarrie Doolan anali atatolera kale mapointi asanu ndi anayi chifukwa chothamangitsa galimoto, ndipo akakwana khumi ndi awiri laisensi imalandidwa miyezi itatu. Mkazi wake Noelene ndiye ankasowa nazo tulo. Clarrie ndi wometa nkhosa, mafamu ndi otalikirana, uku makilomita zana, uko zana ndi theka, mabasi kulibe. Laisensi ikanapita, womuperekeza tsiku ndi tsiku akanakhala Noelene yemweyo, ndiye kuti saluni yake ya ku Merredin, imene anailakalaka zaka khumi ndi zisanu n'kuitsegula mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho, ikanatsekedwa.

Munthu wanzeru akanangochepetsa kuponda moto, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Clarrie ayi! Loweruka la Pasaka, ali ku Perth kocheza ndi mwana wawo, anakokera mkazi wake kusitolo ya zipangizo za galimoto kuti akagule kabokosi kamene amati kamanunkhiza rada, makina a apolisi oyezera liwiro, munthu akadali kutali.

Wogulitsa anali mkulu wina wadazi, dzina lake Vince. Anayala timabokosi tiwiri patebulo.

"Aka n'kamadola mazana awiri," anatero Vince, "koma n'kalongolola. Mukadutsa pagolosale ya zitseko zotseguka zokha, kalira. Galimoto yatsopano ikakupitirirani, kalira. Sabata imodzi mudzakaponya pawindo. Aka n'kamadola mazana asanu ndi anayi, n'kaulemu, kamatsegula pakamwa pokhapokha pali apolisi."

"Kalipo kena kaulere," anatero Noelene. "Kali kunsi kwa mwendo wanu wamanjawo, a Clarrie. Mumangokanyamula pang'ono, basi."

"A Noe, tazisiyani izi, n'za anthu a pamsewu."

"Ine ndimayenda m'mitengo eti?"

Vince anakhosomola. "Ndinene chilungamo, bwana. Apolisi ena ali ndi choyezera liwiro china chotchedwa leza, chogwira pamanja ngati tochi, amangokulozani. Imene ija, kabokosi kamalira liwiro lanu atalitenga kale."

Noelene anamva mawu amenewo bwinobwino. Clarrie ankagwedeza mutu, koma maso ali pakatoni, akuwerenga za timagetsi tobiriwira. Anasankha kodula, ati zotchipa zimapweteketsa. Noelene mtima unamuwawa kwabasi, koma anangoti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Chimene anaiwala n'chakuti nyanga imeneyi ikafota, womva kuwawa adzakhala iye.

Ananyamuka Lolemba dzuwa lili pamutu. Masiku a Pasaka mapointi amawirikiza kawiri, zimenezi ngakhale nkhosa za ku Merredin zimadziwa. Clarrie anamata kabokosi kake pagalasi lakutsogolo, nakapukuta ndi malaya. Atangopitirira Northam, msewu utawongoka pakati pa minda ya tirigu yokololedwa, phazi linayamba kulemera. Zikwangwani zinkati 110, muvi unali pa 125.

"A Clarrie."

"Kali phee, simukuona? Msewu ndi woyera."

Tsono pamsewu umenewu pali mwambo wakale kuposa ndevu za Clarrie. Ukadutsa apolisi atabisala, umathwanimitsa nyali kwa amene ukukumana nawo, iwo n'kukweza chala pachiwongolero kuthokoza. Sakudziwa, simudzaonananso, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Clarrie anakulira m'mwambo umenewu, ndipo unamupulumutsapo kosawerengeka.

Atapitirira Cunderdin, pikapu yonyamula agalu awiri inawathwanimitsira.

"Mwaona? Chepetsani."

"Mwina kuli kangaru wakufa pamsewu."

Lole ya ng'ombe inathwanimitsa kawiri konse. Dalaivala wake anachita kutulutsa mkono pawindo, akuloza pansi.

"A Clarrie, anthu akukuuzani! Anthu amaso, ochokera komweko!"

"Anthu amenewa amathwanimitsa akangoona galimoto yoyera itaima. Ine ndalipira madola mazana asanu ndi anayi kuti ndisamanjenjemere ndi mphekesera. Kukanakhala apolisi kakanalira."

"Ndakupemphani, chifukwa cha saluni yanga yokha."

"Mantha anuwo, a Noe. Tadyani payi yanuyo isanazizire."

Anakwera kamtunda, ndipo pamwamba penipeni kabokosi kanakuwa, kukuwa kwake kogonthetsa m'khutu, timagetsi tonse pyu! Clarrie anaponda buleki, payi n'kugwera pamapazi. Patsogolo, pamthunzi wa mtengo wa bulugamu, wapolisi wamkazi anali akutsitsa kale leza yake, dzanja lina likuwalozera pambali. Kabokosi kanamva nkhwangwa ili m'mutu, chimodzimodzi mwini wake.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mumathamanga 126," anatero wapolisiyo. Anasuzumira pagalasi. "Katsopano eti? Kokongola."

"Bwana, chonde, ndinangopitirira pang'ono potsetsereka."

"Mumakwera, bambo. Mapointi awiri, ndiye poti ndi Pasaka, anayi." Anapita kugalimoto yake ndi laisensi ija, nabwerako nkhope itasintha. "Mwakwana khumi ndi atatu. Kalata ikupezani. Muyambiretu kufunafuna wokuyendetsani."

Clarrie sanayang'ane kumanzere kumene kunali mkazi wake, koma wapolisi anayang'ana. Noelene anamva manyazi ndi ukali nthawi imodzi. Anakumbukira mipando iwiri yachikopa, magalasi amene anapachika yekha, ndi akwati atatu amene anali atalembetsa kale mwezi wa Meyi. Iye sanalipitsidwepo chindapusa cha pamsewu chibadwire, koma chilango chinali chake. N'chilungamo cha kuti chimenecho?

Wapolisi atabwerera pamthunzi pake paja, Noelene anatsika nazungulira galimoto.

"Sunthani."

"Kalata sinabwere, a Noe, ndikhoza kuyendetsabe."

"Ndati sunthani. Ndiyambiretu kuzolowera ntchito yanga yatsopano."

Anamatula kabokosi kaja n'kukaika pamiyendo ya mwamuna wake. Anayenda pa 105 ndendende. Clarrie anayesa kunena kuti mwina Vince angakalandirenso, mwina saluni ingamatsegulidwe Loweruka lokha, koma mawu ake ankangogwera pansi.

Patapita makilomita angapo, kunatulukira galimoto yabuluu ikubwera ngati mphepo, mwamuna pachiwongolero, mkazi pambali. Noelene anathwanimitsa nyali kawiri. Nthawi yomweyo mphuno ya galimoto ija inatsika, liwiro linachepa, ndipo podutsana mwamunayo anakweza chala.

"Mwamuona uyo?" anatero Noelene. "Mkazi wake mawa atsegula shopu yake."