Edson, Mng'ono Wanga wa M'kaundula

Amene anayambitsa zonsezi ndi bambo, ndipo anachita kuphonya masamu osavuta. Mkulu wanga Edson anali atalemba mayeso a Sitandade 8 katatu kwathu ku Thyolo, katatu konseko osasankhidwa kupita ku sekondale. Mu 1979 bambo anawasamutsira ku Mzuzu pa ntchito yawo ya ukalaliki, ndipo anaona mwayi. Anthu ankanena kuti mwana wa zaka zambiri samusankha, choncho pokamulembetsa sukulu anamudula zaka zisanu ndi chimodzi. Mnyamata wa zaka makumi awiri anasanduka wa zaka 14. Anangoiwala kanthu kamodzi: ine Percy, wa zaka 15, ndinali m'kalasi lomwelo, ndipo zanga anali atalemba zoona.

Kwa Edson mayeso amenewo anali omaliza. Bambo anali atanenetsa kuti akapanda kusankhidwa, sukulu yathera pomwepo. M'mawa uliwonse ankameta ndevu ndi lezala kuseri kwa nyumba yathu ku Msongwe, chisanu chikumuluma zala, kenako n'kuvala kabudula wa yunifolomu womuthina ngati wobwereka. Koma pakhomo anali achimwene. Madzi awo osamba ndinkatunga ndine, ndipo ndikachedwa ndinkalandira mbama.

Tsiku lina aphunzitsi a Chingerezi, a Mphande, analowa ndi kaundula m'dzanja lina, ndodo ya pichesi m'dzanja lina. Phunziro linali loyerekeza zaka. Anatiimika pamzere kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono potsata kaundulayo, kuti aliyense anene m'Chingerezi za mnzake woyandikana naye. Edson anapezeka kumbuyo kwanga, wamtali kuposa aphunzitsi omwewo.

"I am older than Edson," ndinatero ine, mtima ukuvina.

"Yewo," anathokoza m'Chitumbuka a Mphande. "Tsono iwe Edson, Percy ndi ndani wako?"

Edson anatembenukira kuwindo.

"Mwana iwe, ukupulika? Sukumva? Bweretsa dzanja."

Ndodo inalira kanayi, Edson osaphethira n'komwe. A Mphande anamugwira kolala, n'kumuweramitsa pa desiki, n'kumukwapula mpaka ndodo inathetheka. Anatuma mtsikana kukathyola ina. Yachiwiriyo itayamba kusiya mizere ya magazi kuseri kwa miyendo, Edson anayankhula mano atalumana.

"Percy is my elder brother. I am younger than him."

Kalasi lonse linafa nalo phwete. Ndisaname, ndinakondwa kwambiri. Mbama zonse zimene ndinalandira chikulire ndinazikumbukira nthawi yomweyo.

Titaweruka ndinakana kutunga madzi. Ndinamuuza kuti ana ndi amene amatungira akuluakulu. Anandiponda m'mimba mpaka ndinasanza. Bambo atabwera sanafunse woyamba. Anavula lamba n'kumusambitsa Edson ndi mbali yachitsulo ija.

"Ukufuna Msongwe yense amve?" anakalipa bambo. "Kunja kuno ndiwe wamng'ono. Meza zimenezo mpaka mayeso athe!"

Apa m'pamene ndinamera nyanga. Ndinkamutcha "my junior" pamsewu, "small boy" pabwalo la mpira, ndipo anzanga anatengera. Edson ankangoyang'ana pansi, mitsempha ya m'khosi itatupa. Usiku ankawerenga, ine ndikugona. Masamu ankandiposa kutali, zimenezonso zinkandiwawa.

Patatsala milungu itatu kuti tilembe mayeso, nthawi yopuma, ndinamupeza atakhala pansi pa windo la ofesi ya ahedi akuwerenga. Ndinali ndi anzanga anayi. Ndinamusisita pamutu ngati kamwana.

"Respect your elders, small boy. Nyamula chikwama changa."

Sindinaone mmene anadzukira. Chibakera choyamba chinachotsa dzino lakutsogolo ili ndilibeli. Ndinagwa chagada, iye anandikhalira pachifuwa n'kuyamba kumenyetsa mutu wanga pansi. Ndinamuluma chala mpaka ndinamva fupa, koma sanasiye. Mnzanga wina anamugenda ndi chidutswa cha njerwa kumsana, iye osamva. Magazi anandilowa m'maso, ndinkangomva mawu ake akukuwa pamwamba panga.

"I am older than you! Five years older! Ndinakubereka kumbuyo ine, ukundikodzera! Lero ukunditi small boy, iweyo?"

Aphunzitsi atatu ndi amene anamuchotsa pa ine. Ahedi anatuluka ndi kaundula. Windo linali lotsegula, anali atamva zonse. Koma anali munthu wachifundo, ndipo chibwano cha Edson anali akuchiona chaka chonse osanena kanthu. Anandiimitsa n'kundipukuta kumaso ndi mpango wawo.

"Percy, m'bale wakoyu wapsa mtima chomene, ndipo munthu wopsa mtima amanena zilizonse. M'kaundula muli zina. Ndiuze iwe pamaso pa aphunzitsi awa, wamkulu ndani?"

Khomo anali atanditsegulira, ndinaliona bwinobwino. Edson anandiyang'ana. Chibadwire anali asanandipemphepo kanthu, koma tsiku limenelo maso ake anapempha. Ndinalavula magazi, lilime likufufuza pamene panali dzino.

"Edson is older than me, sir. Ali ndi zaka twente. Analemba kale katatu ku Thyolo."

Za ku Thyolo panalibe anandifunsa. Ndinawonjezera ndekha, ndipo mpaka lero zimandiwotcha mumtima. Ahedi anapumira m'mwamba, anatsegula kaundula, n'kudula dzina lake ndi cholembera chofiira pamaso pathu tonse.

Ine ndinasankhidwa. Edson anakapeza ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa. Tsiku lopita ku sekondale ndinadzidzimuka kumuona pakhomo. Anasenza sutikesi yanga kuchokera ku Msongwe mpaka kudepoti, n'kuikweza yekha pamwamba pa basi. Ndinkafuna kupepesa, koma ndinachedwa. Iye anavula chipewa, anandipatsa dzanja lamanja atagwira chigongono ndi linalo, n'kupinda mawondo pang'ono.

"Muyende bwino, achimwene," anatero.

Sanali kuseka. Wakhala akundiitana choncho mpaka lero, tonse imvi zitayamba, ndipo ndamuchonderera kangapo kuti asiye.