Nyali Zimene Comfort Anatumiza

Ine Haidari ndakhala ndikukonza mawaya a galimoto pa Mtunthama zaka makumi awiri, ndipo pakamwa panga anthu amapadziwa. Munthu akabwera ndi mababu a buluu othobwa anzake m'maso, ndimamukalipira mpaka amayi a tomato amasiya malonda n'kumamvetsera. Koma tsiku limene a Jeremiya, mlimi wa fodya wa ku Kaomba, anafika ndi katoni m'pikapu yawo, lilime langa linalemera.

Maliro a mwana wawo Comfort ndinapitako. Mnyamatayo anapita ku Israyeli kukagwira ntchito m'minda, ndipo patangotha miyezi itatu anabwera m'bokosi. Katoniyo anaitumiza ali moyo kudzera mwa mnzake wina wobwerera kumudzi, koma inafika iye ataikidwa kale m'manda.

"A Haidari, tandimangirani izi," anatero a Jeremiya.

M'katonimo munali nyali ziwiri zakutsogolo, zathunthu, zonyezimira, zokulungidwa m'malaya a mnyamatayo. Pachivindikiro analembapo kuti: Adadi, musamayendenso mongoganizira. Ankadziwa kuti nyali zakale za pikapuyo zinachita chikasu, ndipo bambo ake akamachokera kosiya mabelo kukada ankayenda pang'onopang'ono ngati ngolo.

Zinalowa bwinobwino, bawuti iliyonse pamalo pake. Nditamaliza ndinakankha zitseko za galaja kuti mukhale mdima, ndinayatsa dimu, n'kuyang'ana pakhoma.

Kuno timayenda kumanzere. Choncho nyali yathu ikakhala pa dimu, kuwala kumagona pansi mbali yakumanja kuti wobwera kutsogolo asathobwe, ndipo kumakwera mbali yakumanzere kuti uone wanjinga ndi woyenda pansi. Pakhoma langa kuwala kunagona kumanzere n'kukwera kumanja, ndendende pamene pamakhala nkhope ya dalaivala wobwera.

"Mwaona kuwala kwake?" anatero a Jeremiya, akusisita galasi ndi chikhatho. Aka kanali koyamba kuwaona akumwetulira chichitikire maliro. "Mwana uja ankadziwa kusankha."

Ndinawauza kuti akayambe amwa tiyi kwa a Zuwena, ndikufuna kumangitsa pena. Linali bodza. Atatuluka ndinapotokola timasikuluwu tonse, ndinatsitsa nyalizo mpaka kuwala kunagwera pamphuno pa galimoto, koma kupendekeka kwake kunali komweko. Ndinamata tepi pagalasi, osathandiza. Zimenezi amazipangira m'kati mwenimweni ku fakitale. Ndinatukwana wogulitsa amene sanamufunse mnyamatayo kumene nyalizo zikupita, ngakhale sindikumudziwa.

Ndisaname, ndinaganiza zongokhala chete. Ndani akanadziwa? Koma msewu wopita ku boma ndimaudziwa: wopapatiza, m'mbali modyeka, ndipo madzulo mumadzaza akabaza ndi amayi osenza nkhuni. Dalaivala wa minibasi akathobwa amathawira kumanzere, komwe kuli anthuwo.

A Jeremiya atabwerera ndinawaimika pakhoma paja.

"Bambo, nyalizi sizingayende pamsewu wathu."

Kumwetulira kuja kunazima. "Mukuti mwana wanga anagula zabodza?"

"Ayi. Ndi zenizeni, zoposa zonse zimene ndinamangapo chaka chino."

"Ndiye vuto n'chiyani? Inu ntchito yanu n'kumanga. Galimoto ndi yanga, mwana ndi wanga."

Akanakhala wina ndikanamuponyera makiyi ake. Awa ndinangowasonyeza ndi chala. "Taonani pamene pakukwera kuwala. Mukakumana ndi mnzanu, zonsezi zikamulowa m'maso. Anazipangira dziko lakwawoko. Kumeneko magalimoto amayenda kumanja."

"Kumanja?"

"Eee, bambo. Ife kumanzere, iwo kumanja."

Anayang'ananso khoma. Ndinkayembekeza kuti andikalipiranso, koma atayankhula mawu awo anali otsika.

"Nanga munthu akamawoloka msewu kumeneko, amayamba kuyang'ana mbali iti?"

Sindinaganize. Ndinangoyankha monga mmene ndingayankhire funso la batire. "Kumanzere. Galimoto yoyandikira imachokera kumanzere."

A Jeremiya anafunafuna pokhala ndi dzanja, n'kukhala pa tayala lakutha.

"Anatiuza kuti galimoto inamugunda akuwoloka kupita kukagula buledi," anatero. "Mayi ake amandifunsa tsiku ndi tsiku kuti zinatheka bwanji, mwana wosamala ngati uja. Ine ndimati mwina dalaivala analedzera." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ali ndi zaka zisanu ndinkamugwira dzanja pamsewu waukulu ku Kasungu. Kumanja kaye, mwanawe, kenako kumanzere. Tsiku lina anaiwala, ndinamukwapula ndi kamtengo pamaso pa anthu. Sanaiwalenso."

Ndinayesa kunena kuti sitingadziwe, kuti ngozi ndi ngozi. Mawuwo anatuluka ofooka, ndipo ndinachita nawo manyazi. Chisoni chimene chinandigwira sindinachimvepo ngakhale kumanda kuja.

"Zimitsani," anatero.

Ndinazimitsa, n'kutsegula chitseko chimodzi. Ndinatenga sipanala kuti ndiyambe kumasula, koma anatambasula dzanja.

"Ndipatseni. Ndichotsa ndekha."

Sankadziwa poyambira. Ndinawalozera bawuti yoyamba, ndipo sipanala inkawaterereka m'manja. Ali chiweramire m'boneti anandiitana.

"A Haidari. Mayi ake akabwera kudzafunsa, mudzangowauza kuti nyalizi sizinakwane."