Mzere wa a Nowa

Madokotala a maso adakhala pa Dowa sabata imodzi yokha, ndipo ankachita opaleshoni anthu okhawo amene mayina awo adali m'kompyuta. A Nowa Banda a ku Chisepo, mlimi wa fodya amene ng'ala idawatseka maso onse awiri, adafika akazi awo, a Manesi, atawagwira dzanja. Pakhomo adauzidwa kuti dzina lawo mulibe.

Vuto lidayamba mwezi wam'mbuyo mwake, chaka cha 2003. Bungwe lina lothandiza odwala lidapatsa Langton, kalaliki wake, ntchito yolowetsa mayina pa fomu ya pa intaneti. Fomuyo inkatenga anthu ambiri nthawi imodzi, aliyense mzere wake. Koma nkhalamba za kumudzi tsiku lobadwa zilidziwira kuti? Wina ankati chaka cha dzombe, wina cha njala. Langton, posafuna kuvutika, onse adangowalembera 1 Januwale 1930.

"Mukatumiza, mutsegule nkhokwe ya mayina, muone ngati aliyense walowa," adatero a Mirriam, namwino amene adayeza odwalawo. "Kutumiza n'kwina, kulowa n'kwina."

Felton, dalaivala wa bungwelo, adaseka. "Asisitere, magetsi azima pompano. Makina salakwitsa. Dinani, achimwene, tizipita."

Langton adadina. Kompyuta idati zalandiridwa, iye n'kutseka ofesi.

Chimene sadadziwe n'chakuti makinawo adakonzedwa kuti munthu asalowe kawiri. Akapeza anthu ofanana mfunda, dera ndi tsiku lobadwa, ankasunga woyamba, enawo n'kuwataya mwakachetechete. Ndiye ku Chisepo a Banda ali mbwee. Adalowa mmodzi.

Tsiku limene a Nowa adakanizidwa pakhomo lija, a Mirriam adachonderera mpaka mawu kusasa, koma madokotala adabweretsa zipangizo zokwanira anthu olembedwa okha. Langton adagwada pamaso pa a Nowa, nkhalamba imene sinkamuona n'komwe.

"Pepani, bambo. Dzina lanu lidatayika m'makina."

"Lidatayika?" adafunsa a Nowa motsitsa mawu. "Nanga si ine ndili pano, mwana wanga?"

Zidali zomvetsa chisoni, ndipo Langton adalira ngati mwana.

"Abweranso liti?" adafunsa a Manesi.

"Sindikunamizani, mayi," adatero a Mirriam. "Sindikudziwa."

Madokotalawo sadabwerenso. Chaka chimenecho fodya wa a Nowa adasankhidwa ndi anthu aganyu, osakaniza masamba abwino ndi oipa. Iwo ankangokhala m'chigafa, kusisita tsamba ndi zala, n'kumafunsa akazi awo kuti, "Ili laoneka bwanji?"

Phunziro: Mukatumiza mayina ambiri nthawi imodzi, musakhutire ndi mawu oti zalandiridwa. Onani ngati aliyense walowadi, ndipo musapeke zimene simukudziwa. Mzere uliwonse ndi munthu amene akudikira.