Fungo la Keke M'kapu

"Nanga izi ndiye zotani, alamu? Mankhwala?" anafunsa Jane, atanyamula kabokosi kofiirira komwe anakapeza m'kabati.

Esitele anali atakhala pamphasa pafupi ndi khomo, mpango wakuda uli kumutu. Panali patangopita masiku ochepa chiikireni m'manda mwamuna wake Lenard, yemwe ankayendetsa galimoto zikuluzikulu zonyamula katundu kudzera pachipata cha Mchinji. Olira maliro anali atabalalika. M'nyumba ya pa Kamwendo munangotsala abale awiri a malemuyo, mchemwali wake Jane ndi mkulu wake Aleck, omwe ankasonkhanitsa katundu woti agawidwe pachibale.

"Ndi tiyi," anayankha Esitele.

"Tiyi yenseyu?" Jane anatulutsa timabokosi tina n'kutindandalika patebulo. Kena kanali ndi chithunzi cha maapozi, kena cha chokoleti, kena cha kokonati.

Aleck anapukusa mutu. "Mng'ono wanga ameneyu! Anzake akapita kunja amabwera ndi malata, iye kumabwera ndi masamba onunkhira." Anakhala pampando n'kukonza kukhosi. "Alamu, poti tayamba kuyankhula, tingomaliziratu. Malo ano anali a bambo athu. Akubanja agwirizana kuti mwambo wometa ukatha mubwerere kwanu kwa Mlonyeni. Mwana wanu Triza ali pabanja pake. Mutsala ndi yani muno?"

Esitele anayang'ana khoma. Njerwa za khoma limenelo anaumba yekha ndi manja ake, Lenard ali pamsewu. Anadzuka mwakachetechete, nakoleza makala pambaula, natereka ketulo.

Podikira madzi kuti awire, maganizo anamutengera kutali. Lenard akabwera ku ulendo, asanavule n'komwe nsapato, ankasolola kabokosi m'thumba la jekete ngati mwana amene watola dzira la nkhanga. Ankakhala awiriwiri pakhonde, fumbi la ku Zambia likadali m'tsitsi mwake, n'kumakangana ngati tiyi watsopanoyo akuposa wakale uja. Wina ankakoma ngati bisiketi. Wina ankathetha palilime ngati jinja. Tsiku lina anabweretsa wonunkha ngati sopo wosambira. Anaseka mpaka misozi, komabe Lenard anagugudiza kapu yonse, ati zochokera kutali sataya.

Madzi atawira, Esitele anasankha kabokosi ka vanila ndi karamelo. Anaika kathumba m'kapu iliyonse n'kuthira madzi. Nthunzi itangokwera, fungo linadzaza nyumba yonse, fungo la keke yongotuluka kumene mu uvuni.

"Iii! Koma ngati ndili kuukwati," anatero Jane. Analawa pang'ono, nakwinya nkhope. "Fungo lokhalokha, kutsekemera kulibe." Anameza pang'onopang'ono. "Ayi, dikirani. Kukubwera pambuyo, kukhosi kuno."

"Shuga ali kuti?" anafunsa Aleck, supuni ili m'manja.

"Wapamaliro uja anatha, alamu. Muno sitisunga shuga."

"M'nyumba ya Lenard mopanda shuga?" Aleck anaseka koyamba chichitikire zovutazo. "Munthu uja tili ana ankanyambita shuga pachikhatho, mayi mpaka kumakabisa munkhokwe! Nzimbe za anthu zinkaona zakuda naye."

Esitele anafumbatira kapu yake ndi manja onse awiri.

"Kuchipatala atandipeza ndi matenda a shuga, anandiletsa zotsekemera zonse. Paukwati wa Triza aliyense anadya keke, ine mayi wake wa mkwatibwi ndinangoyang'ana. Sindinadandaule kwa munthu, koma bambo a Triza anaona. Pa ulendo wotsatira anabwera ndi tiyi ameneyu. Anati, 'Keke yanu ija nayi, koma iyi ndi yakumwa.' Kuyambira pomwepo nawonso anausiya shuga. Ankati iwo sangamatsekemere m'kamwa okha, ine ndikumeza malovu."

"Ngakhale akakhala pamsewu?" anafunsa Jane motsitsa mawu.

"Ngakhale kumeneko. Madalaivala anzawo andiuza pamaliro pompano. Akuti akamadikira mapepala pachipata paja ankawaseka kuti akumwa madzi otentha ngati wodwala."

Kumsewu waukulu kunadutsa galimoto yolemera yolowera ku Zambia, mawindo n'kunjenjemera. Esitele anatembenukira kukhomo, monga ankachitira zaka zonsezo, mpaka mkokomo unazilala. Kenako anabweza maso pang'onopang'ono, n'kupukuta tsaya ndi nsonga ya chitenje.

Aleck anayang'ana supuni yomwe inali m'manja mwake, naiika patebulo.

"Ine ndimayesa ndimamudziwa mng'ono wanga," anatero, mawu atasasa. Anapuma mozama. "Nkhani ya malo ija ndikaikambanso ndi akubanja. Ndikawauza kuti nyumba ino ili ndi mwiniwake. Jane, bweza timabokosito m'kabati. Zimenezo si zogawana."

Ananyamula kapu kuti angogugudiza monga amamwera tiyi wa kumunda, koma Esitele anatambasula dzanja n'kumugwira pamkono.

"Osathamanga, alamu. Iwo samalola zimenezo. Ankati tiyi ameneyu amayamba ndi mphuno, pakamwa ndi pomalizira."

Anaitenga kapuyo n'kuiyandikitsa kumaso kwa mlamu wake, dzanja lina likukupizira nthunzi pang'onopang'ono, monga Lenard ankamuchitira iye pakhonde paja.

"Tsinzinani," anatero.

Aleck, bambo wa imvi zake, anatsinzina ngati mwana, nakoka mpweya. Anakhala choncho kwa nthawi yaitali, osatsegula maso.