Amuna Anga M'kabokosi Kotuwa

Amuna anga atamwalira, anatsala mu kompyuta yakale ija ya pa thebulo lapakona. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ntchito yake ndi yokonza masamba a pa intaneti, anawajambula adakali moyo, atakwera pampando akupenta zenera, akuimba nyimbo mosokoneza mawu monga ankachitira. Kanemayo anamuika m'kabokosi, pakati pa tsamba limene anatikonzera.

Kabokosiko kanali kamakani. Mdzukuluyo anandiuza kuti zitseko zolowera pa intaneti n'zambiri, amati mabulawuza, ndipo aliyense ali ndi khalidwe lake. Wina ankawaonetsa amuna anga bwinobwino. Wina ankangoonetsa chotuwa, ati pakusowa pulagini, kachida koyendetsa kanema. Winanso ankawadula mutu. Mwanayo ankakhala masana onse akulemba timalamulo take, akanyengerera bulawuza uyu, uja n'kukwiya.

"Agogo, ndikakonza kuno, uko kukuwonongeka!"

"Siya pomwepo, mkazi mnzanga, ungandidulire mwamuna zenizeni," ndinkatero ine.

Eni akewo, amene nthawiyo anali adakali moyo, ankangoseka kumbuyo kwathu. "Mutuwo atenge, bola andisiyire mimba."

M'nyumba munali phokoso masiku amenewo.

Zaka zitapita, mabulawuza atsopano anayamba kukaniratu pulagini. Wathu wakale yekha ndiye ankatsegulabe kabokosiko. Basi ndinakhala mlonda. Kapu ya madzi isayandikire. Mphenzi ikang'anima, zulani chingwe. Ndipo kompyuta ikafunsa zoti isinthe zakale, kanani! Kuwerenga sindidziwa, koma batani lokanira ndinkalidziwa, linali lakumanzere.

Tsiku lina ndili kuchipatala ndi bondo langali, kunyumba kunafika mwana wanga wamwamuna, amene ndi dalaivala, kufuna kuona za mpira pa kompyutapo. Nditabwerako, ndinamupeza akumwetulira.

"Amayi, ndakukonzerani. Inkangofunsafunsa, ndavomera. Pano ikuthamanga."

Ndinatsegula tsamba lija. Kabokosi kotuwa, zii.

"Bambo ako ali kuti, iwe?"

Anangokanda m'mutu.

Mdzukulu anabwera Loweruka. Sanavule n'komwe nsapato. Anakhala pa kompyutapo, ine ndili chiimire kumbuyo kwake, kumuuza kuti asadine mwamphamvu, asafulumire, afunse kaye anzake. Dzuwa litapendeka anapumira m'mwamba.

"Agogo, chithunzi chakana. Chimafuna pulagini yomwe ija, ndipo sindikulonjeza kuti ndidzaipezanso. Koma mawu ndawatulutsa."

"Mawu okha? Nkhope ayi?"

"Tamverani kaye."

Anandiikira foni yake pakhutu. Poti panalibe choona, ndinatsinzina. Nyimbo ija inayamba, yopotoka ngati kale. Burashi ikukhula pazenera. Mpando ukulira kwee, kwee. Kenaka, chapatali, mawu a mzimayi: "Tsikani pamenepo inu! Mpando umenewo mwendo wake ndi wogwedera!" Amuna anga n'kuyankha, "Ndamva, mayi," n'kupitiriza kuimba osatsika.

Zaka zonsezi sindinawamvepo mawu amenewo. Maso anga ankangokhala pa iwo.

"Akukalipayo ndi ndani?" ndinafunsa.

"Ndinuyo, Agogo."

Dalaivala uja anaseka ali pakhomo, kenaka anatembenukira kukhoma n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

"Ndinkanena zoona," ndinatero. "Mpandowo unadzathyokadi."

Ndinabweza foniyo, koma dzanja langa silinaisiye msanga.

"Bwerezanso, mkazi mnzanga. Ndipo uigwire ndi manja awiri, ingagwe."