Bulangeti la Apongozi

Mwana wanga sanalire pobadwa. Anachedwa kupuma, ndipo adokotala anati ubongo wake unasowa mpweya. Anamugoneka pa kamatiresi ka madzi ozizira atangovala thewera, timawaya tili pachifuwa.

"Tikumuziziritsa dala," namwino anandiuza. "Ubongo ukazizira suwonongeka kwambiri. Musamufunditse, ngakhale mtima uwawe bwanji. Nambala iyi pamakinapa isakwere."

Ndinangogwedeza mutu. Ine pakamwa pamandilemera kuyambira kale.

Masana apongozi anga analoledwa kulowa, namwino atathamangira mwana wina kuchipinda china. Anagwira kamwendo ka mdzukulu wawo n'kubweza dzanja msanga.

"Mayo ine! Ameneyu ndi mwana kapena nsomba ya mufiriji? Iwe uli pompano, kumangoyang'ana?"

"Akuti ndi chithandizo chake, amayi," ndinatero chapansipansi.

"Chithandizo cha chisanu? Ana onse ndalera aja, palibe anagonapo pamtunda chonchi."

Anatulutsa m'chikwama bulangeti laubweya limene analuka okha ndili woyembekezera. Anamufunditsa mpaka m'khosi, n'kupindira m'mbali. Kamwana kanasiya kunjenjemera. Kunena zoona, nanenso mtima unakhala pansi pang'ono. Kanayamba kuoneka ngati mwana wa munthu.

Kenako nambala ija inakwera. Inakweranso. Chikwatiwireni ndinali ndisanawatsutsepo apongozi, ngakhale pa nkhani ya mchere.

Ndinadzuka, ulusi wa opaleshoni ukukoka pamimba, n'kuvundukula bulangetilo.

"Ukutani, mtsikana iwe?"

"Pepani, amayi. Kutenthaku kumupweteka mutu."

Iwo anagwira mbali ina, ine mbali ina. Sindinasiye. Makina anayamba kulira ndipo namwino analowa akuthamanga.

"Wamufunditsa ndani? Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Pang'ono chabe," ndinayankha. "Kodi wavulala?"

Namwino anakonza timawaya, maso ali pamakina. "Wangotentha pang'ono, azizira. Za ubongowo tidzadziwa tikadzamaliza chithandizochi. Panopa palibe angakuuzeni."

Apongozi anakhala pampando, manja ali m'masaya. Mwana anayambanso kunjenjemera timilomo, ndipo tonse tinamusiya choncho. Patapita nthawi apongozi anandikodola.

"Make mwana, maso angawa saona bwino. Nambala ija ikutsika?"

Ndinasuzumira pafupi. Inali isanayambe.